Musanayatse moto wowotcherera, pitani kaye pamjigo

Kalata ya sabata ino yachokera kwa mnyamata wina amene ali ndi shedi yowotcherera zitsulo ku Luchenza. Walemba kuti: "Ndikufuna kupanga makina otonolera chimanga opalasa ngati njinga. Chithunzi chili kale m'mutu. Kodi mainjiniya amatsata ndondomeko yanji kuti chinthu chituluke bwino? Komanso mayi anga akuti ndilanda ganyu ya azimayi a m'mudzi. Akunena zoona?"

Achimwene, ndondomeko ilipo, ndipo aliyense wophunzira uinjiniya, ngakhale pa yunivesite ya MUST pathu pa Ndata apa, amakumana nayo. Umayamba ndi kulimvetsa vuto, n'kulemba zimene chinthucho chiyenera kukwanitsa. Ukatero umajambula njira zingapo, kusankhapo imodzi, kupanga choyeserera chotchipa, kuchiyesa, kukonza pomwe chalephera, n'kuchiyesanso. Koma mawu anu oti chithunzi chili kale m'mutu andidetsa nkhawa, chifukwa akusonyeza kuti mwalumpha gawo loyamba, lomwe ndi lalikulu kuposa onse.

Pitani pamjigo wa m'mudzi mwanu mukauyang'anitsitse. Mijigo yambiri m'Malawi muno ndi ya mtundu wa Afridev, ndipo ntchito yoikonza inayambira konkuno kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pa dzina loti Maldev. Mijigo inalipo kale ndipo madzi imatulutsa. Vuto linali loti ikafa, pamafunika amisiri ochokera kuboma ndi zida zawo kuti azule mapaipi olemera achitsulo, ndiye mudzi umatha miyezi ukumwa madzi a pamtsinje. Okonza Afridev anadzifunsa kuti, mjigowu ukafa adzaukonza ndani? Yankho lake mukaliona ndi maso. Sipanala imodzi imamasula mabawuti ofunika. Ndodo zake zimakolana popanda zida zambiri, ndipo timalabala totha msanga timatuluka kudzera m'paipi momwemo, osazula paipiyo. Azimayi a mu komiti ya mjigo akaphunzitsidwa amasintha okha labala dzuwa lisanafike pamutu. Kwa ine umenewu ndiye uinjiniya wapamwamba.

Mnzake wa Afridev amene analephera ndi PlayPump ya ku South Africa, mjigo wokhala ngati katungwe wozungulira woti ana akamasewera madzi azikwera m'thanki. Mu 2006 boma la America ndi mabungwe ena analonjeza madola oposa 16 miliyoni kuti ufalikire, ndipo unafika ku Malawi ndi ku Mozambique. Koma madzi amafunika m'mamawa ana ali kusukulu, choncho amene amazunguza chigudumucho anali azimayi, ena okalamba. Ukawonongeka, zida zake sizimapezeka pagolosale. Opanga ake anaona ana, sanaone wotunga madzi.

Ndiye tibwere ku makina anu. Kuno ku Thyolo ndi Mulanje minda ndi yaing'ono chifukwa malo ambiri ali m'maesiteti a tiyi ndipo anthu ndife ochuluka. Banja lokolola matumba ochepa siligula makina, limatonola madzulo pakhonde likucheza. Zikatero makina anu ayenera kukhala obwereketsa, opepuka moti n'kumangidwa pakaliyala ya njinga. Mufunsenso ngati chowawa kwambiri n'chimanga. Kwathu kuno nandolo ndi wambiri, ndipo amene wapunthapo nandolo ndi kupeta dzuwa likuswa mtengo akhoza kukuuzani zina. Fikani makomo angapo, mukhale pansi, muonerere ntchitoyo ikugwiridwa. Musawauze za makina anu, angakuvomerezeni chifukwa cha ulemu chabe.

Mukabwerako lembani zofunika m'manambala: thumba la makilogalamu 50 litonoledwe mphindi zingati, makinawo alemere bwanji, mtengo wake usapitirire pati. Zida zikhale za njinga wamba, tcheni ndi mapedulo zopezeka kwa wokonza njinga za kabaza aliyense. Choyeserera choyamba chipangeni ndi zitsulo zakutha, musachipake n'komwe penti, poti mudzachidula kangapo.

Poyesa pali zinthu zimene ambiri amaiwala. Chimanga cha makolo n'cholimba, cha haibulidi kawirikawiri n'chofewa, ndipo zitsononkho zimasiyana kukula, ndiye yesani zonse. Tapani chimanga chotonoledwacho dzanja limodzi, muwerenge maso osweka. Makina othamanga koma oswa chimanga amuphera mlimi, chifukwa chimanga chosweka anankafumbwe ndi chuku sizichedwa kuchilowa. Wopalasa asakhale inu nokha. Akwerepo mayi wovala chitenje, muone ngati chishalo chikumulola kukhala bwino ndiponso ngati tcheni sichikoka nsalu. Pomwe pamalowa chimanga patchingidwe, poti ana amapisa zala paliponse.

Tsopano za mayi. Akunena zoona, ndipo musawayankhe mwamwano. Makina aliwonse amachotsa ntchito m'manja mwa wina. Chigayo chitafika chinapumitsa msana wa azimayi amene ankalawirira pamtondo, ndipo palibe amene angafune kubwerera kumeneko. Komabe ufa unayamba kufuna ndalama, ndalamazo n'kumapita kwa mwini chigayo (nyimbo za pamtondo nazonso, zimene azimayi ankadzudzulira amuna awo, zikumveka mwa apo ndi apo). Ku Kericho ku Kenya mu 2023 anthu anawotcha makina othyolera tiyi ponena kuti akuwalanda ntchito. Ife amene abale athu amadya za tiyi nkhani imeneyo sitiimva ngati ya kutali.

Sindikukuuzani kuti musiye. Kutonola ndi manja kumatupitsa zala, ndipo chimanga chochedwa kulowa m'thumba chimawonongeka. Chimene ndikunena n'choti funso la mayi lilowe m'ndondomeko yanu, pamzere umodzi ndi kulemera ndi mtengo. Makinawo akakhala a madola ambiri, adzagula ndi mlimi wamkulu, ndipo amene ankamutonolera adzabwerera chimanjamanja. Akakhala otchipa, opepuka, osavuta kukonza, azimayi omwewo atha kuwagula kudzera ku banki m'khonde, n'kumayenda nawo khomo ndi khomo, kutonola matumba ambiri pa tsiku. Kusiyana kwa ziwirizi kuli m'manja mwanu, pa chitsulo chimene musankhe ndi mtengo umene muike.

Choncho woyamba kuyesa makinawo akhale mayi anu ndi anzawo a ganyu aja. Akatsika, afunseni ngati angalipire kuti abwereke tsiku limodzi, ndiponso ndalama zingati. Mundilemberenso zimene anene, pamodzi ndi chiwerengero cha maso osweka.