Yankho kwa alamu pa za ulendo wokaona nsomba ku chilumba

Alamu, ndamvetsera uthenga wanu uja wofunsa ngati kungatheke kutengera achemwali ndi ana ku Likoma pa tchuthi cha Tsiku la Anakubala, kuti akasambire ndi magalasi n'kumaona nsomba, komanso wofunsa za malo ogona. Nthawiyo mwasankha bwino, chifukwa mu Okutobala mphepo ya mwera imakhala itatha, mvula isanayambe, ndipo madzi amayera mpaka munthu kuona pansi.

Koma pa za Likoma ndikupempheni kuti muyambe mwadikira. Chilumbacho n'chokongola, ndi milambe yake komanso tchalitchi chachikulu cha St Peter's chimene anayamba kumanga mu 1903, ndipo malo ogona alipo, kuyambira Kaya Mawa wa anthu a matumba olemera mpaka Mango Drift wotsikirako mtengo. Vuto ndi mayendedwe. Sitima ya Ilala imadutsa kamodzi pa sabata popita ndi kamodzi pobwerera, ndiye munthu wochokera kuno ku Blantyre amene ali ndi masiku ochepa a tchuthi angathere nthawi yonse pa ulendo, ana n'kubwerako otopa asanaone nsomba bwinobwino.

Maganizo anga ndi akuti mupite ku Cape Maclear. Mukanyamuka m'mamawa kudzera ku Zomba, Liwonde ndi Mangochi, n'kukhota musanafike ku Monkey Bay, nkhomaliro mukadyera m'mudzi wa Chembe. Deralo lili m'paki ya Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 makamaka pofuna kuteteza nsomba, ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Kusodza n'koletsedwa pa mamita 100 kuchokera m'mphepete mwa zilumba za m'pakiyo, n'chifukwa chake nsomba zake sizithawa munthu. Tengani zitupa zanu za unzika, popeza Amalawi timalipira ndalama yocheperapo polowa.

Chimene ndikufuna mumvetsetse posankha pogona ndi ichi: nsomba zokongola zija, mbuna, sizikhala pamchenga. Zimakhala m'miyala, mmene zimadya ndere ndi kubisala m'ming'alu. Malo ambiri ogona ku Chembe ali pamchenga, ndiye mukagona kumeneko mudzafunika boti lokutengerani ku chilumba cha Thumbi, chimene chimaonekera pafupi kuchokera pagombe, kapena ku Otter Point, gombe la miyala la m'paki momwemo. Pa Thumbi mwana akangoviika nkhope m'madzi ofika m'chiuno amaona mbuna zabuluu, zachikasu ndi zamizeremizere zikumuzungulira, ndipo akadekha osapalasa miyendo angathe kuona yaikazi itatupa kukhosi chifukwa chosunga mazira kapena tiana take m'kamwa. Zimenezi ndimafunitsitsa ana athu atazionera okha, pakuti alendo amawoloka nyanja zamchere kudzaona chuma chimene ife tili nacho pakhomo. Za boti mugwirizane mtengo musanakwere, ndipo mufunsiretu ngati magalasi, kapaipi kopumira ndi majekete oyandamitsa zili mu mtengo womwewo.

Ngati mukufuna kugona pa chilumba penipeni, pali Domwe ndi Mumbo, zonse zopanda mudzi. Ku Domwe mumagona m'matenti ndipo chakudya mumatenga chanu, pamene ku Mumbo, pafupifupi makilomita 10 kuchokera kumtunda, amakuphikirani ndipo mumatsika pa malo ogona n'kulowa m'madzi a miyala nthawi yomweyo, koma mtengo wake ndi wokwera ndithu. Kwa banja la ana aang'ono ine ndingasankhe chipinda ku Chembe, chakumapeto kwa mudzi kumene kulibe phokoso la mabala usiku, ndipo musungitsiretu malo tsopano chifukwa pa tchuthi chimenechi anthu a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amakhamukira kunyanja.

Za kumira pansi ndi silinda ya mpweya kumsana, zimene munatchulanso, zimafuna maphunziro a masiku angapo kwa mphunzitsi wovomerezeka, ndiye zisiyeni za ulendo wina.

Pa chitetezo musanyengerere. Madzi a m'nyanja yathu alibe mchere, choncho sanyamula thupi monga amachitira a ku Beira, ndipo mwana aliyense avale jekete ngakhale akunena kuti amatha kusambira. Munthu akamayang'ana pansi saona kuti wapita kutali, ndiponso dzuwa limawotcha msana iye osamva, ndiye avale malaya m'madzimo ndipo wamkulu mmodzi azikhala m'boti kuwayang'anira. Likodzo nalonso liliko m'mbali mwa mudzi, motero pakatha masabata 6 mpaka 8 mutabwerako, nonse mukayezetse kuchipatala, ndipo wopezeka nalo adzapatsidwa mankhwala a praziquantel. Mundiuze tsiku lonyamuka kuti ndikutumizireni magalasi awiri a ana amene ali kuno kunyumba.