Nyimbo pakhonde popanda mawaya

Funso: Akonzi, ndamanga khonde kuseri kwa nyumba yanga ndipo ndikufuna tizimvera nyimbo tili panja popanda kukoka mawaya kuchokera pabalaza. Kodi ndigule sipika yotani? Bambo wa ku Area 25, Lilongwe.

Yankho: Bambo, yosavuta ndi sipika ya Bluetooth yokhala ndi batire, chifukwa imalirabe ngakhale magetsi atathima. Dziwani kuti Bluetooth ya pafoni kawirikawiri imafika mamita pafupifupi 10 okha, ndipo khoma la njerwa limaifooketsa, moti mukalowa kukhitchini foni ili m'thumba, nyimbo imayamba kudukaduka. Foniyo muziisiya pakhonde pomwepo.

Pogula, musakopeke ndi kukula kwa sipika kapena timagetsi tothwanimathwanima, koma yang'anani zilembo za IP pa katoni yake. Pa manambala awiri otsatira zilembozi, yoyamba imanena za mmene sipikayo imatetezekera ku fumbi, yachiwiri ku madzi. IP67 ikutanthauza kuti fumbi silowa, ndiponso kuti sipikayo imapirira ikamira m'madzi akuya mita imodzi kwa mphindi 30, pamene IPX4 imangopirira kuwazidwa madzi ndipo sinayesedwe pa fumbi. Kuno ku Lilongwe, kumene fumbi la mu Okutobala limakuta chilichonse mvula isanayambe, ife tingasankhe IP67, ngakhale mtengo wake ndi wokwererapo.

Ikani sipikayo pamthunzi, pafupi ndi khoma, popeza dzuwa limaononga batire ndipo pabwalo mawu amamwazikana. Iyang'ane kumene mumakhala, osati kumpanda wa anansi, makamaka usiku kapena pakakhala maliro pafupi.