Funsani Anti: phwando la birthday la mwana wa ku nesale

Anti, ndithandizeni maganizo. Mwana wanga wamkazi akukwanitsa zaka 4 mwezi wamawa ndipo aka nkoyamba kufuna kumupangira phwando lenileni, zaka zam'mbuyomu ndinkangogula keke tidye pakhomo basi. Vuto ndi loti ku nesale kwawo m'kalasi alimo ana 26 ndipo anzake awiri apanga kale maphwando chaka chino anaitana kalasi yonse, kunali jumping castle, DJ, munthu wovala ngati katuni, nde ine mutu waima, ndikapanga laling'ono ndiwoneka womana, lalikulu kaya ndikwanitsa, komanso mwana wangayu ndi wamanyazi kwambiri moti kuphwando la mnzake lija anangokhala pamiyendo panga mpaka kubwerako. Ndiyambire pati? — Mayi wa mwana mmodzi

Achemwali, yambirani pa mawu omaliza a kalata yanuyi, pomwe mwati mwana anakhala pamiyendo panu mpaka kubwerako. Wakuuzani kale phwando limene amalifuna. Mukamuitanira ana 26 ndi makolo awo ndi zimkuzamawu, adzakhalanso pamiyendo panu, kusiyana kwake nkoti ulendo uno inu simudzakhala pansi, mudzakhala mukuthamanga ndi mbale iye akukukokani siketi akulira.

Ndinaziwona ndi maso kwa mwana wa mng'ono wanga atakwanitsa zaka 3. Pakhomo panadzaza anthu, keke yokongola, makandulo ayatsidwa, anthu onse nkumuzungulira kuyamba kuimba mokweza mafoni ali m'mwamba akujambula, mwana anangogwira makutu ndi manja onse awiri nkulowa pansi pa tebulo. Anatuluka alendo atapita, nkukhala pakhonde ndi msuweni wake mmodzi akudya keke ndi zala, akuseka mpaka misozi. Pa tsiku lonse lija ka nthawi kameneko ndi komwe kanali kake.

Za chiwerengero, pali kalamulo kamene makolo ambiri amayendera koti muitane ana ofanana ndi zaka za mwanayo nkuwonjezera mmodzi, wa zaka 4 ndiye kuti anzake 5. Si lamulo la adokotala ayi, ndi nzeru chabe ya anthu amene anawonapo zakuda, koma ili ndi mutu. Mayi wina wofufuza za ana ku University of Minnesota, Mildred Parten, anakhala akuwonerera mmene ana aang'ono amasewerera ndipo mu 1932 analemba zomwe anapeza, kuti ana a zaka 2 kapena 3 nthawi zambiri amasewera moyandikana koma aliyense zake, ndipo kusewera kogwirizana kuja, koti iwe ukhale dokotala ine wodwala, kumayamba kulimba chakuma zaka 4 kupita mtsogolo. Nde wanuyu wangoyamba kumene kuphunzira kusewera ndi anzake awiri atatu, gulu la anthu 26 kwa iye ndi phokoso basi. Mufunseni yekha kuti ukufuna abwere ndani, mufunsenso mawa lake ndi mkuja, maina amene akubwerabwera ndi amenewo. Mukhozanso kufunsa aphunzitsi ake kuti amakonda kusewera ndi ndani chifukwa pena ana amatchula amene wangowapatsa siwiti tsiku limenelo.

Koma chonde musakagawe makadi oitanira pageti pa sukulu ana ena akuwona, zimawawa kwa kamwana kamene katsala. Lankhulani ndi makolo awo pafoni, sabata ziwiri kapena zitatu tsiku lisanafike, muwauze nthawi yoyambira ndi yothera yomwe. Ngati mtima ukukuvutanibe za kalasi yonse, funsani ku nesale ngati amalola kubweretsa keke kapena timakeke ting'onoting'ono tsiku la sukulu, aimbe adye mphindi 15 zatha, aliyense walawa.

Kutalika kwake, ola limodzi ndi theka, mukachulutsa maola awiri. Ndipo muwone nthawi imene mwana amagona masana. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO mu malangizo ake a 2019 limati mwana wa zaka 3 mpaka 4 azigona maola 10 mpaka 13 pa tsiku kuphatikiza tulo ta masana, nde mukaika phwando pa nthawi ya tulo mudziwe kuti mwaitana ana asanu otopa, ndipo mwana wotopa samanena kuti ndatopa, amangoyamba kuluma mnzake kapena kudzigwetsa pansi. Ine ndimakonda chakummawa cha m'ma 10 koloko, ana ali ndi mphamvu, pofika masana aliyense kwawo. Olo madzulo atadzuka kale, bola lithe kusanade.

Zochita musachulutse. Akamafika mukhale mwayala mkeka kapena kapeti ndi mapepala ndi makrayoni, zidole zingapo, aliyense wofika azingolowerera poti safika nthawi imodzi. Kenako panja, thovu la sopo lija louzira, ndinene zoona sindinawonepo mwana wa msinkhu umenewu amene salithamangira. Gemu imodzi kapena awiri, monga kuvina nyimbo ikasiya aliyense aime ngati chipilala, kapena kubisa tizidole pabwalo azifufuza. Gemu iliyonse isapitirire mphindi 10 ndipo mukawona kuti ayamba kumwazika asiyeni, musawakakamize kuti amalize poti munakonzekera. Chimene sindimafuna ndi magemu otulutsana aja, monga olimbirana mipando, chifukwa wa zaka 4 sanafike pomvetsa kuluza, woyamba kutuluka amalira ndipo nthawi zina woyambayo amakhala mwini phwando. Mipando ikhale yokwanira onse.

Munthu wovala ngati katuni uja kwa mwana wamanyazi ayi ndithu. Pa msinkhu umenewu ana ambiri sanathe kusiyanitsa bwino zenizeni ndi zongoyerekeza, chimutu chachikulu chosaphethira chikubwera kudzamukumbatira, kwa iye ndi chilombo. Ndipo za kuimba zija muyeserere naye kunyumba masiku angapo, mumuuze kuti tidzayatsa makandulo, tidzakuimbira, iwe udzazimitsa, ine ndidzakhala pambali pako pompa. Akakana kuimbiridwa mokweza imbani chapansipansi, palibe chalakwika.

Za kuwoneka womana, achemwali, makolo a anzake aja ambiri adzapumira m'mwamba kuti mwawapeputsira, nawonso akuwopa zomwezo.

Anti ine ndi bambo, mwana wathu wamwamuna akukwanitsa zaka 3 ndipo ine ndi mayi ake takangana pa nkhani ya zakudya. Iwo akuti masiwiti, chokoleti ndi zakumwa zotsekemera zisakhalepo chifukwa shuga amapengetsa ana, ine ndikuti ndi tsiku limodzi lokha mwana asangalale. Wolondola ndani? — Bambo wofuna mtendere

Bambo, zikomo poti mukutenga nawo mbali, ambiri amangosiyira mayi. Pa nkhani ya kupenga ija inu mwalondola. Mu 1995 magazini ya madokotala ya JAMA inasindikiza lipoti la Mark Wolraich ndi anzake, amene anasonkhanitsa kafukufuku wambiri momwe ana ena ankapatsidwa shuga ena chotsekemera chopanda shuga popanda wodziwa kuti walandira chiti, ndipo sanapeze kuti shuga amasintha khalidwe la ana. Panalinso kafukufuku wina mu 1994 amene amandisangalatsa, amayi anauzidwa kuti ana awo amwa shuga wambiri pomwe sanamwe, amayiwo nkumanena kuti eee mwanayu walusa. Chimene chimapengetsa ana paphwando ndi phokoso, anzawo, kutopa ndi kusintha kwa ndondomeko ya tsiku.

Komabe mayi musawatsutse kwambiri, shuga wambiri amawononga mano ndipo mwana akakhuta zotsekemera chakudya chenicheni amakana, WHO imati shuga wowonjezera asafike 10 peresenti ya mphamvu zimene munthu amapeza ku chakudya pa tsiku. Nde gwirizanani chonchi, ayambe adya chakudya kenako keke, chakumwa chachikulu chikhale madzi, juwisi kapu imodzi yaing'ono. Nkhani yatha.

Koma chimene ndikufuna mukambirane usiku uno si shuga ayi, ndi kutsamwa. Njira ya mpweya ya mwana wa zaka 3 ndi yopapatiza kwambiri ndipo sanadziwe kutafuna bwinobwino, kuwonjezera apo paphwando amadya akuthamanga, akuseka. Madokotala a ana a American Academy of Pediatrics amachenjeza kuti ana osafika zaka 4 asapatsidwe mtedza wathunthu, mbuliwuli, masiwiti olimba, chingamu, mphesa zathunthu ndi soseji yodula mozungulira ngati ndalama. Onani kuti zambiri mwa izi ndi zomwe timathira m'mbale paphwando osaganiza. Mphesa muzidule m'litali zidutswa zinayi, soseji chimodzimodzi m'litali kenako tizidutswa, apozi ndi karoti zikhale zopyapyala. Ndipo pakudya aliyense akhale pansi, wadzuka mbale itsale.

Mabaluni nawo. Baluni yosapopa kapena chidutswa cha yophulika chikalowa pakhosi chimamatirira nkutseka mpweya ndipo nchovuta kuchotsa, nchifukwa chake pamapaketi ambiri amalembapo chenjezo la ana osafika zaka 8. Popani akuluakulu, mangani m'mwamba, ikaphulika wina atole zidutswa nthawi yomweyo asanatole mwana. Tizidole towala ndi makadi oimba aja muli timabatire tozungulira ngati batani, mwana akameza kamatha kuwotcha kummero m'maola awiri okha, zikatero kuchipatala msangamsanga osadikira kuti muwone kaye. Ngati pakhomo pali ndowa kapena beseni la madzi, tayani kapena vundikirani, mwana wamng'ono amamira m'madzi ochepa kwambiri ndipo sakuwa.

Kutsamwa kwenikweni nakonso kulibe phokoso. Mwana amene akutsokomola mwamphamvu musiyeni atsokomole, osalowetsa chala kukhosi mwachimbulimbuli mungakankhire chinthucho mkati. Koma ngati sakutha kulira, kulankhula kapena kupuma, muweramitseni, mumumenye ndi chikhatho pakati pa mapewa kumsana kasanu, zikakanika muime kapena kugwada kumbuyo kwake, chibakera pamwamba pa mchombo, mukokere mkati ndi m'mwamba kasanu, muzisinthanitsa choncho wina akuitana thandizo. Izi ndi za mwana wopitirira chaka chimodzi, wakhanda sapanikizidwa pamimba. Ndingakonde inu ndi mayi mupeze wa zaumoyo akuwonetseni ndi manja tsiku lisanafike.

Chomaliza pa zakudya, poitana funsani kholo lililonse ngati pali chakudya chimene thupi la mwana wawo limadana nacho. Zofala ndi mtedza, mazira, mkaka, tirigu, soya ndi nsomba, ndipo keke wamba imakhala ndi zitatu mwa zimenezi. Mwana akadya nkuyamba kutupa milomo kapena nkhope, kutuluka zidzolo, kusanza kapena kubanika, musayese za pakhomo, thamangani naye.

Ndipo musankhe wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi, osagawa chakudya, osajambula, osacheza. Akuluakulu akachuluka aliyense amaganiza kuti mnzake akuwona.

Anti, mphatso azitsegula alendo ali pompo kapena atapita? Komanso ndili ndi wina wa zaka 2, mng'ono wake, amene amafuna chilichonse cha mkulu wake chikhale chake, ndikuwopa ndewu. — Mayi wa anyamata awiri

Atapita, mayi. Ana a msinkhu umenewu akawona chidole chatsopano onse amachifuna nthawi yomweyo, ndipo wobweretsa mphatso pena amafuna kubwerera nayo kwawo poti sanamvetse kuti wapereka. Komanso mwana sabisa, akhoza kunena pamaso pa mlendo kuti ichi ndili nacho kale. Landirani, athokoze, ikani pamalo okwera, madzulo atsegule mwakachetechete inu mukulemba kuti ichi chachokera kwa uje, kenako mutumize kachithunzi kwa makolowo mwana akuseweretsa. Pojambula paphwando pomwe, zithunzi zomwe muli ana a eni musaziike pa Facebook kapena pa status musanapemphe makolo awo.

Phwando lisanayambe mufunse mkuluyo kuti ndi zidole ziti zimene sakufuna anzake agwire, mubise zimenezo kuchipinda, zotsalazo mugwirizane kuti ndi za onse lero. Zimachepetsa kulimbirana kwambiri.

Wamng'onoyo mupezereni munthu wakewake tsiku limenelo, agogo kapena azakhali amene amawazolowera, woti akayamba kuvuta amunyamule akazungulire naye kuseri. Mupatseni kantchito, kaya kugawa makapu apulasitiki kaya kunyamula zipewa, ndipo mumusungire kanthu kakang'ono kokulunga kuti nayenso ang'ambe pepala pamene mkulu wake akutsegula zake, bola kasakhale ndi tizidutswa toti nkulowa mkamwa. Makandulo okha asiyireni mwini tsiku azimitse yekha, ndipo wamng'onoyo akalira muyatsenso kamodzi mkulu wake atamaliza, naye auzire, kenako machesi muike kutali.