Yankho kwa achimwene ofunsa za mitengo yotsika pa bala ya kwawo

Achimwene, mwafunsa ngati n'kwanzeru kutengera alamu anu awiri ku bala yatsopano ya kwanuko, imene yalengeza kuti kuyambira 5 koloko mpaka 7 koloko madzulo wogula mabotolo asanu amalipira anayi okha, ndipo mbale ya kanyenya imagulitsidwa pa theka la mtengo. Mukufuna kudziwa ngati kutsitsako n'koona kapena ndi nyambo chabe. Ine ndinakhala zaka zingapo ndikulemba mabuku a ndalama pa bala ya malume anga ku Zingwangwa, choncho ndikuyankhani monga munthu amene anaonera nkhani zimenezi ali kuseri kwa kauntala.

Kutsitsako kawirikawiri kumakhala koona, koma ndi bwino mudziwe chimene mwini bala akufuna. Nthawi ya madzulo imeneyo mipando imakhala yopanda anthu, pamene lendi, malipiro a antchito, laisensi ya ku khonsolo ndi magetsi a mafiriji zikudyabe ndalama. Phindu la pa botolo limodzi ndi lochepa, chifukwa kireti ya mabotolo 20 amaigula pa mtengo umene iye sanganenerere, kotero akakupatsani botolo lachisanu laulere amakhala wataya gawo lalikulu la zimene akanapeza pa asanuwo. Amalolera kutaya chifukwa akudziwa kuti 7 koloko ikakwana simunyamuka: nyama ikhala ili pamoto, mpira ukhala wayamba pa kanema, ndipo mmodzi wa alamuwo akhala atanena kale kuti raundi yotsatira ndi yake, zimene mwaulemu wake zimakukakamizani kuti nanunso mubweze. M'mabuku amene ndinkalemba, ndalama zolipirira lendi zinkalowa kuyambira 8 koloko kupita m'tsogolo, ndipo ambiri mwa amene ankazibweretsa anali omwewo amene anabwera msanga kudzatsata mtengo wotsika. Sindikunena zimenezi pofuna kunyoza eni mabala, pakuti ndi malonda oona ndipo amadyetsa mabanja ambiri. Ndikungofuna mudziwe kuti wopindula ndi pulomoshoni ndi amene anachoka kunyumba atatsimikiza kale kuchuluka kwa zimene amwe ndiponso nthawi yobwerera.

Tiyerekeze kuti botolo likugulitsidwa K2,500. Asanu akanakhala K12,500, inu mulipira K10,000, ndiye kuti mwasunga K20 pa K100 iliyonse. Kwa anthu atatu, mabotolo asanu sagawika mofanana, ndipo chimenechi chokha chimachititsa kuti muitanitse asanu ena. Mukaonjezera raundi ziwiri pa mtengo wonse nthawi itadutsa, mwalipira K15,000 ina imene simunaikonzere, pofuna kusunga K5,000.

Muonenso mtengo umene akutsitsawo kuti wachokera pati. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo chiyambire pamenepo mitengo ya zakumwa yasintha kambirimbiri mwakuti anthu ambiri sadziwanso mtengo weniweni wa Green kapena Kuche Kuche. Kampani ya Castel, imene inagula gawo la Carlsberg mu 2016 pa fakitale ya ku Blantyre yomwe inayamba kufulula mu 1968, ikasintha mitengo imalengeza mtengo woyenera kugulitsira. Yerekezani ndi umenewo, kapena ndi wa pa botolo sitolo yapafupi. Ndizoona kuti bala yokhala ndi mipando yabwino, chimbudzi chaukhondo ndi mlonda ili ndi chifukwa chokwezerako pang'ono, koma ngati inayamba yakweza kwambiri kenaka n'kutsitsa, mupeza kuti mwangobwerera pa mtengo wa tsiku ndi tsiku. Funsaninso musanakhale pansi ngati kutsitsako kukukhudza mowa uliwonse kapena mtundu umodzi wokha, komanso ngati mabotolo asanuwo amawatsekula onse nthawi imodzi, chifukwa akatero mumamwa mothamanga poopa kuti afunda.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi chakudya. Pali chifukwa chosaopsa chimene kanyenya amatsitsira: mchere ndi tsabola wa kambuzi zimabweretsa ludzu, ndipo ludzulo ndi limene limagulitsa mowa. Koma palinso chifukwa china, chakuti nyamayo ndi yotsala dzulo kapena dzana ndipo iyenera kutuluka lero. Amene tinali m'malonda amenewa mu 2022, namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira, tikukumbuka mmene mafiriji ankazimira kwa maola ambiri, nyama n'kusungunuka, n'kuumanso magetsi akayaka. Nyama yotere ikapakidwa zokometsera n'kuikidwa pamakala sidziwika msanga. Choncho pitani nokha kumene akuotcherako, sankhani nthuli zikadali zaziwisi, muone mtundu wake ndi kumva fungo lake, ndipo muuze wootchayo kuti ipse mpaka m'kati, makamaka ikakhala ya nkhumba kapena nkhuku. Mang'ina ndi zam'mimba muzilandire pokhapokha zikuchokera mumphika umene ukuwira. Saladi ya kabichi ndi tomato waiwisi ndimaiopa kuposa nyama, chifukwa sidutsa pamoto, ndipo mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, unationetsa zimene madzi osasamalidwa amachita. Mukaona kuti anthu onse akusamba m'manja m'beseni limodzi, pemphani kuti akuthirireni madzi. Dziwaninso kuti m'mabala ambiri wootcha nyama ndi wa chiwaya amakhala amalonda apadera amene amangochita lendi malo, ndiye mufunse kwa iwo eni ngati akuidziwa nkhani ya theka la mtengoyo.

Akakuuzani kuti atsitsanso mowa waukali woyeza m'timakapu, onani botolo limene akutsanuliralo, likhale ndi dzina la wopanga ndi chizindikiro cha Malawi Bureau of Standards. Boma linaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015 chifukwa kutsika mtengo kwake kunkaononga achinyamata, ndipo mowa wosadziwika kumene wachokera ndi woopsa ngakhale uperekedwe pa malo ooneka bwino.

Pa nkhani ya bilu, lipirani raundi iliyonse ikangofika, m'malo modikira kuwerengera pamapeto. Mikangano yambiri imene ndinaona inkayamba chifukwa kasitomala ankati anaitanitsa nthawi isanathe, pamene woperekera zakumwa analemba itadutsa, ndipo palibe amene akanatsimikiza. Mabotolo opanda kanthu akhale patebulo mpaka mutalipira, ndipo mukalipira kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba sungani uthengawo. Akakana kutsata zimene alemba okha pachikwangwani, jambulani chikwangwanicho, pakuti bungwe la Competition and Fair Trading Commission limalandira madandaulo a malonda onyenga. Buku la ngongole musalembetsemo dzina ngakhale akuuzeni kuti ndinu wa m'mudzi momwemo, chifukwa ndaona malipiro a anthu akutha pa tsiku lolandira.

Ndiye pitani nawo alamuwo, chifukwa kucheza ndi abale a mayi a kunyumba n'kofunika ndipo bala ya pafupi ili ndi ubwino wakuti mumapita ndi kubwerera wapansi, galimoto ili pakhomo. Fikani 5 koloko yeniyeni, itanitsani nyama poyamba kuti mowa upeze kanthu m'mimba, tengani ndalama zokwanira mabotolo khumi ndi mbale ziwiri basi, ndipo musanatuluke pageti muwauze alamuwo kuti mlongo wawo aphula nsima 7 koloko ikangodutsa.