Abusa, mitu yolemba muli nayo kale m'kope la ulaliki

Abusa, mwafunsa kuti mungamalembe chiyani pa intaneti sabata ndi sabata kuti nkhosa zanu zizidya Mawu ngakhale pakati pa sabata, poti mwalemba kawiri katatu mitu n'kukutherani. Mitu muli nayo yambiri, chimene chikusowa ndi poisungira.

Yambani ndi kope limene mumakonzeramo ulaliki. Pokonzekera mumapeza mfundo zambiri, koma pa guwa mumangonenapo zitatu kapena zinayi. Zotsalazo ndiye zolemba zanu. Tinene kuti mwalalikira Luka 15, za mwana wolowerera, ndipo nthawi yonse yathera pa wamng'ono uja. Lachiwiri lembani za mkulu wake wa pa vesi 25 mpaka 32, amene anamva kuimba ndi kuvina akuchokera kumunda, n'kukwiya, osafuna kulowa m'nyumba. Akhristu amene akhala mumpingo zaka zambiri amadziona mwa iyeyo, ngakhale sanena. Koma musaike ulaliki wonse monga munaulembera. Ulaliki umakonzedwera khutu, umabwereza mfundo mwadala, ndiye munthu wowerenga pa foni amausiya asanafike ndi pakati pomwe.

Gwero lina, limene kwa ife ndi loposa onse, ndi mafunso amene anthu amakufunsani pakhomo la tchalitchi mapemphero akatha. "Ndingamukhululukire bwanji munthu amene sanapepese?" "Ndapemphera chaka chonse, bwanji Mulungu ali chete?" Lembani funsolo mu foni tsiku lomwelo, m'mawu amene munthuyo wanena, ndipo likhale mutu wa nkhani yanu. Akafunsa mmodzi, dziwani kuti ena khumi ali nalo mumtima. Apa m'pamene ambiri amagwa m'mbuna: nkhani imene mwaimva pa uphungu si yolemba, ngakhale mutasintha dzina. Mumpingo anthu amadziwana. Mukangoti "mayi wina wa ana atatu amene mwamuna wake anachoka", onse amuzindikira, ndipo palibenso adzabwere kudzakuululirani zakukhosi. Tengani funso lokha, mwini wake ndi mbiri yake zisiyeni.

Kuti musamadzuke Lolemba lililonse mukudzifunsa cholemba, tengani nkhani zotsatizana. Rute, Yona ndi Afilipi ali ndi machaputala anayi lililonse, ndiye buku limodzi likukwanirani mwezi. Yakobo ali ndi asanu. Chipatso cha Mzimu pa Agalatiya 5:22-23 chikupatsani masabata asanu ndi anayi. Ngati mpingo wanu umagwiritsa ntchito katekisimu, ntchito inachitika kale: ya Heidelberg ya 1563 ili ndi mafunso 129 ogawidwa m'masabata 52, chaka chathunthu. Kalendala ya mpingo nayonso imathandiza, monga Adventi, masiku 40 a Lenti, Kukwera Kumwamba ndi Pentekoste. Zimenezi muzilemba kukadali masabata awiri, chifukwa sabata ya Pasaka yeniyeniyo simupeza ndi mpata wokhala pansi.

Musaiwale kufotokoza za mpingo weniweniwo. Chopereka chimagwira ntchito zanji? Madikoni anayamba bwanji, malinga ndi Machitidwe 6:1-6? Wofuna ubatizo ayambire pati? Atsopano amachita manyazi kufunsa zimenezi. Mutha kulembanso za otumikira osaoneka, osesa ndi aphunzitsi a ana, koma yambani mwawapempha, ndipo chithunzi cha mwana chisatuluke makolo asanalole.

Kalembedwe kake: mawu 300 mpaka 400, mfundo imodzi, ndime zazifupi. Vesi mulilembe lonse, musangoika nambala, poti wowerengayo mwina ali pa ulendo ndipo Baibulo alibe pafupi. Mukatenga mawu a mlaliki wina, mutchuleni. Sankhani tsiku limodzi pa sabata ndipo musaliphonye. Musanayambenso, lembani nkhani zinayi n'kuzisunga, kuti maliro kapena odwala akakutangwanitsani pakhale chotulutsa. Ambiri amene amaleka, amalekera pa sabata yotanganidwa yoyamba.

Ndipo chonde, Abusa, musalembe mtima uli m'mwamba. Mukasemphana ndi wina pa msonkhano wa akulu a mpingo, mawa lake n'kutulutsa nkhani ya "anthu osamvera atsogoleri", aliyense adziwa amene mukumulasa, ndipo cholembedwa sichifufutika chifukwa ena amakhala atachijambula kale n'kutumizirana. Nkhani yotero igone masiku awiri, kenako mupatse mkulu wa mpingo mmodzi wosaopa kukuuzani zoona kuti aiwerenge musanaitulutse.