Za heat pump ya pansi pa nthaka: 4.5 ya pa pepala si yowerengera bilu

Achimwene, mwafunsa ngati 4.5 imene kampani yalemba pa kotesheni ya heat pump ya pansi pa nthaka (makina otenga kutentha m'nthaka n'kufunditsa nyumba) ingakuuzeni magetsi amene muzilipira pa chaka ku Leeds kwanuko. Singakuuzeni.

Nambala imeneyo ndi COP (mayunitsi a kutentha amene makina amapereka pa yuniti imodzi ya magetsi), yoyezedwa mu labotale: madzi obwera kuchokera pansi ali pa 0°C, olowa m'nyumba ali pa 35°C. Mukayang'anitsitsa pepalalo mupeza palembedwa B0/W35. Koma nyumba yanu ili ndi ma radiator (zitsulo za pakhoma zofunditsa chipinda) akale aja ofuna madzi a 55°C kuti chipinda chifunde. Makina akamakweza kutentha mpaka pamenepo amadya magetsi ambiri, 4.5 ija n'kutsika.

Chofunika kwa inu ndi SPF: kutentha konse kumene makina apereka pa chaka, kugawa ndi magetsi onse amene adya. Onse ndithu, kuphatikizapo a pampu yozunguza madzi m'mapaipi a pansi ndi a immersion heater, chotenthetsera cha magetsi cha m'thanki ya madzi osamba. Tiyerekeze kuti nyumba yanu imafuna kutentha kwa mayunitsi (kWh) 15,000 pa chaka. Pa 4.5 mugula mayunitsi a magetsi pafupifupi 3,300, pa 3.2 mugula pafupifupi 4,700. Kusiyanako ndi ndalama ya m'thumba mwanu.

Ine immersion heater inandiphunzitsa. Amene anatiikira makina anaisiya ikuyaka tsiku lililonse, pomwe kamodzi pa sabata kufikitsa thanki pa 60°C n'kokwanira kupha tizilombo ta Legionella. Ndinazindikira mu January, nditagwada m'kabati ya pansi pa masitepe ndi tochi ya foni, mita ikuthamanga usiku aliyense ali mtulo.

Afunseninso a kampaniyo kutalika kwa mapaipi a pansi. Kaya akumba chitsime chakuya ngati cha mjigo, kaya ngalande m'munda, nthaka ya kuno ku UK imakhala pa 10°C kapena kuposerapo pang'ono. Mapaipi akachepa mumaiyamwa kutentha msanga, pofika February yazizira, makina n'kumavutika nthawi imene mukuwafunitsitsa.

Thandizo la boma la £7,500 la Boiler Upgrade Scheme limafuna woika wovomerezeka ndi MCS, bungwe lotsimikizira oika makina otere. Muuzeni akulembereni chiyerekezo cha chaka chonse pa kutentha kumene ma radiator anu akufunadi, osati pa 35°C. Ndipo musanasaine, aonjezerepo heat meter (mita yoyeza kutentha kumene makina apereka) ndi mita ya magetsi ya makina okhawo, kuti chaka chikatha mugawe nokha n'kupeza SPF yanu.