Kwa alamu anga, pa funso la Express Entry ndi PNP ku Canada

Alamu, ndakupatsani moni inuyo, mlongo wanga ndi ana, komanso onse amene ali pa gulu lathu la banja lino. Funso lanu ndalimva, loti popeza inu ndi mayi a kunyumba mwagwirizana zoyesa kusamukira kuno ku Canada, kodi mulowere njira ya boma lalikulu yotchedwa Express Entry kapena njira ya zigawo za dziko lino imene anthu amangoitchula kuti PNP (Provincial Nominee Program). Mwakumbutsanso kuti inu muli ndi zaka 38 ndipo mwagwira ntchito yowerengera ndalama kwa nthawi yaitali, pomwe mlongo wangayo ali ndi zaka 31 ndipo ndi namwino wa digiri. Ndikupempha kuti uthengawu muumvetsere muli awiri, chifukwa zina zimene ndinene zikukhudza iyeyo kuposa inu.

Chimene chiyenera kumveka bwino poyamba n'chakuti njira ziwirizi sizilimbana, ndipo munthu saletsedwa kuziyenda zonse nthawi imodzi. Chilolezo chokhazikika m'dziko muno, chija timati PR, chimaperekedwa ndi boma lalikulu la ku Ottawa lokha kudzera ku unduna woona za olowa m'dziko wotchedwa IRCC. Chigawo monga Manitoba kapena Saskatchewan sichipereka PR, koma chimangosankha munthu n'kuuza boma lalikulu kuti ameneyu tikumufuna kwathu kuno, ndipo zoyeza m'thupi, kalata ya kupolisi ndi chigamulo chomaliza zimakhalabe m'manja mwa Ottawa.

Express Entry inayamba mu January 2015, ndipo ndi dongosolo la pa intaneti limene limaika anthu pamndandanda potengera mapointi. Mapointiwo amafika 1,200 akachulukitsitsa, ndipo amachokera ku zaka zakubadwa, maphunziro, mayeso a chilankhulo ndi zaka zimene munthu wagwira ntchito. Kwa inu amene muli kunja kwa Canada, khomo lolowera pamndandandawo ndi pulogalamu ya Federal Skilled Worker, imene imafuna chaka chimodzi chathunthu cha ntchito yaluso m'zaka khumi zapitazi, Chingerezi cha mlingo wa CLB 7 (CLB ndi muyeso wa chilankhulo wa kuno ku Canada), ndiponso mapointi 67 pa 100 a muyeso wake wapadera. Kulowa pamndandanda sikulipiritsa ndalama, koma kulowa si kuitanidwa. Boma limaitana amene ali pamwamba okha, ndipo dzina la munthu likakhala miyezi 12 osaitanidwa limachoka, n'kuyenera kulembetsanso.

Tsopano ndinene zimene zingakhale zowawa pang'ono, koma ndi bwino muzimve kwa ine. Mapointi a zaka zakubadwa amakhala okwera kwa amene ali pakati pa zaka 20 ndi 29, akafika 30 amayamba kutsika chaka ndi chaka, ndipo pa zaka 45 amatheratu. Kwa munthu wobwera ndi mnzake wa m'banja, wa zaka 38 amapeza mapointi 55, pomwe wa zaka 31 amapeza 90. Kusiyana kwa mapointi 35 kumeneku n'kwakukulu kwambiri pa mndandanda umene anthu amaposana ndi mapointi asanu kapena khumi. Ndiye maganizo anga ndi akuti amene atsogolere pempho la banja lanu akhale mlongo wanga, inu mulembedwe ngati wotsagana naye. Ndikudziwa kuti kwathu bambo ndiye amayembekezereka kukhala patsogolo pa nkhani zazikulu chonchi, koma pano palibe ulemu umene ukuchotsedwa, pakuti PR imene mudzalandire nonse ndi yofanana ndendende, ndipo maphunziro anu ndi mayeso anu a Chingerezi zimawonjezerabe mapointi pa pempholo.

Chifukwa china n'chakuti kuyambira mu 2023 boma linayamba kuitana anthu potengera magulu a ntchito zimene dziko likusowa, ndipo zaumoyo zili m'gulu limenelo pamodzi ndi olankhula Chifalansa. M'zaka za 2024 ndi 2025, amene ankaitanidwa chifukwa chogwirapo ntchito kuno ku Canada ankafunika mapointi opitirira 500, chiwerengero chimene munthu wa kunja amene wapitirira zaka 30 sachifikira mosavuta. A zaumoyo nthawi zambiri ankaitanidwa ndi mapointi ocheperapo, ndipo a Chifalansa otsika kuposa pamenepo. Namwino ali ndi khomo lake limene wowerengera ndalama alibe. Muonjezereponso mapointi 15 amene amaperekedwa kwa munthu amene mchimwene kapena mchemwali wake ndi nzika kapena wa PR wokhala kuno, ndipo amenewo muli nawo kale chifukwa cha ine.

Pa mayeso a Chingerezi musapeputse poganiza kuti mwaphunzira m'Chingerezi kuyambira ku pulayimale. Kupeza 6.0 m'magawo onse anayi a mayeso a IELTS General Training, kumene ndi CLB 7 uja, kumakulowetsani pamndandanda basi. Pamene mapointi amalumphira ndi pa CLB 9, kutanthauza 8.0 pa kumvetsera ndi 7.0 pa kuwerenga, kulemba ndi kulankhula, chifukwa mlingo umenewo umachulukitsanso mapointi a maphunziro ndi a ntchito ya kunja. Pa zinthu zonse zimene ndatchulazi, ichi chokha ndicho mungathe kuchisintha ndi khama lanu m'miyezi yochepa muli ku Lilongwe komweko, ndiye mlongo wanga akonzekere mokwanira asanalipire. Zotsatira zake zimagwira ntchito zaka ziwiri, pomwe kalata yotsimikiza digiri kuchokera ku bungwe monga WES imagwira ntchito zaka zisanu, choncho muyambe ndi ya digiri imene imachedwa podikira yunivesite kutumiza mapepala.

Tibwere ku zigawo. Manitoba, kumene ine ndili kuno, ndi chimodzi mwa zigawo zoyambirira kukhala ndi pulogalamu yotere cha m'ma 1998, ndipo lero zigawo zonse zili nayo kupatula Quebec, imene imasankha anthu ake mwa dongosolo lakelake pansi pa mgwirizano wa 1991, ndi Nunavut imene ilibe. Mapulogalamuwa ali mitundu iwiri. Ena ndi olumikizidwa ku Express Entry, ndipo chigawo chikakusankhani mwa njira imeneyo mumalandira mapointi 600 nthawi imodzi, zimene zimakuikani pamwamba moti kuitanidwa kumakhala pafupifupi kotsimikizika. Zikatero mumapatsidwa masiku 60 opereka mapepala onse, ndipo boma limayesetsa kugamula m'miyezi isanu ndi umodzi. Ena ndi osalumikizidwa, ndipo ubwino wake ndi wakuti amalandira anthu amene Chingerezi kapena mtundu wa ntchito yawo sizikanawalowetsa mu Express Entry, koma kudikira kwake nthawi zambiri kumapitirira chaka. Apa ndi pamene mukuonera chifukwa chimene ndikunenera kuti mulembetse mu Express Entry ngakhale mtima wanu uli pa chigawo, pakuti popanda dzina lanu pamndandandawo mapointi 600 aja alibe pofikira.

Chigawo chilichonse chimafuna kuona chingwe chokumangirirani kwa icho, kaya ndi ntchito imene mwalonjezedwa, sukulu imene munaphunzira kumeneko, kapena wachibale. Manitoba ili ndi njira ya anthu aluso okhala kunja, yotchedwa Skilled Worker Overseas, imene imavomereza wachibale wapafupi amene wakhala m'chigawomo kwa chaka kapena kupitirira kuti akhale mboni ndi mthandizi wanu pokhazikika. Ine ndili wokonzeka kuima pamalo amenewo, ndipo ndanena izi pagulu dala kuti banja lonse limve. Zigawo zinayi za kunyanja ya Atlantic, zomwe ndi Nova Scotia, New Brunswick, Prince Edward Island ndi Newfoundland and Labrador, zili ndi pulogalamu ina ya boma lalikulu imene inakhazikika mu 2022, koma imeneyo imafuna kuti bwana wovomerezedwa ndi chigawo akupatseni ntchito musanapemphe.

Komabe sindikufuna mukhale ndi chiyembekezo choposa mmene zinthu zilili. Mu October 2024 boma linalengeza kuti m'chaka cha 2025 lilandira anthu a PR 395,000, ndipo malo a PNP linawadula pakati, kuchoka pa 110,000 kufika pa 55,000. Malo atachepa chonchi, zigawo zinayamba kutsogoza anthu amene ali kale kuno ndi zilolezo za ntchito, makamaka a zaumoyo ndi zomangamanga, ndipo njira zingapo za anthu a kunja zinaimitsidwa kapena kuchepetsedwa. Ziwerengero zimenezi zimasinthidwa chaka chilichonse, ndiye kukwaniritsa zofunika za Manitoba sikutanthauza kuti mudzaitanidwa mwezi wotsatira. N'chifukwa chake sindikukulangizani kudalira chigawo chokha, ngakhale kudalira Express Entry yokha. Mlimi wanzeru akakayika ndi mvula amadzala chimanga kumunda ndi mbatata kudimba, ndipo inunso muchite chimodzimodzi.

Pali nkhani ina imene anthu amanong'onezana, yoti munthu angotenga chisankho cha chigawo chilichonse chimene chatsegula, akafika n'kuthawira ku Toronto sabata yomweyo. N'zoona kuti gawo 6 la Charter, chikalata cha ufulu wa anthu m'malamulo oyendetsera dziko lino, limapatsa munthu wa PR ufulu wokhala ndi kugwira ntchito m'chigawo chilichonse. Koma polandira chisankho cha chigawo mumasainira kuti cholinga chanu ndi kukhala kumeneko, ndipo zikapezeka kuti munanama kuyambira pachiyambi, chilango cha kunama pa mapepala a zolowa m'dziko ndi kuletsedwa kwa zaka zisanu, ngakhale kulandidwa PR kumene. Kusamuka patapita nthawi chifukwa ntchito yasowa ndi nkhani ina. Choncho musanapemphe ku chigawo, mudzifunse moona mtima ngati mungakhalemo. Kuno ku Winnipeg mu January kuzizira kumatsika pansi pa madigiri 20 kunsi kwa ziro kawirikawiri, ndipo sindikubisirani kuti dzinja loyamba ndi lolemetsa. Koma lendi ndi yotsikirapo kuyerekeza ndi Toronto kapena Vancouver, ndipo banja la ana awiri limene likungoyamba kumene limapuma bwino pamene nyumba siikudya malipiro onse. Express Entry yokha ilibe chomangira choterechi, mumakhala kulikonse kupatula Quebec, ndipo umenewo ndi ubwino wake weniweni.

Kwa mlongo wanga ndiwonjezere ichi, kuti PR si chiphaso chogwirira ntchito ya unamwino. Chiphasocho chimaperekedwa ndi bungwe la anamwino la chigawo chilichonse, kuno kwathu ndi College of Registered Nurses of Manitoba, ndipo pamafunika kuunikanso maphunziro ake padera ndi kulemba mayeso a NCLEX-RN. Kalata ya WES ija siilowa m'malo mwa zimenezi. Anamwino ambiri ochokera kunja amayamba ndi ntchito yothandizira odwala m'nyumba zosamalira okalamba pamene akudikira chiphaso, ndipo ndi bwino adziwiretu zimenezo mtima usadzagwe. Popeza malamulo ake amasiyana chigawo ndi chigawo, kusankha kumene mukakhale kumakhudzanso kutalika kwa nthawi imene adzadikire asanavale yunifolomu.

Za ndalama, alamu, muyambe kukonza lero. Federal Skilled Worker imafuna umboni wa ndalama zokhalira, zimene mu 2025 zinali madola a ku Canada opitirira pang'ono 15,000 kwa munthu mmodzi ndi opitirira 28,000 kwa banja la anthu anayi. Ndalamazo sizilipidwa ku boma, ndi zanu, koma ziyenera kukhala zosabwereka, ndipo kalata ya kubanki imaonetsa mmene akaunti yayendera kwa miyezi isanu ndi umodzi, moti ndalama zochuluka zongolowa dzulo zimadzutsa mafunso. Vuto lathu ndi kwacha, imene inatsika mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, kotero ndalama zokwanira lero zikhoza kuperewera pa tsiku loitanidwa. Musunge zopitirira mlingo. Pamwamba pa izo pali ndalama ya pempho, imene mu April 2024 inaikidwa pa madola 1,525 kwa wamkulu aliyense, ndiponso ndalama za mayeso, za kuyeza m'thupi ndi ndalama imene zigawo zina zimalipiritsa pazokha.

Mwanenanso za munthu wina amene akuti angakupezereni kalata ya ntchito mukamulipira. Chonde musamupatse kanthu. Kuyambira pa 25 March 2025 kalata ya ntchito siiwonjezeranso mapointi mu Express Entry, ndipo boma linachita zimenezo pofuna kuthetsa malonda a makalata otere. Amene lamulo limawalola kulipiritsa pothandiza pa nkhanizi ndi maloya a kuno, ma notary a ku Quebec, ndi alangizi olembetsedwa ku College of Immigration and Citizenship Consultants, amene mayina awo mungawafufuze pa webusayiti ya bungwelo. Mafomu onse ali pa canada.ca ndipo anthu ophunzira ngati inu mungathe kudzaza nokha.

Sabata ino mlongo wanga alembere ku yunivesite yake za mapepala opita ku WES, ndipo nonse awiri mufunse ku British Council za masiku a IELTS. Munditumizire padera zaka zenizeni zimene aliyense wagwira ntchito ndi mayina a masatifiketi anu, kuti Loweruka madzulo tidzaimbirane n'kuwerengera limodzi mapointi anu pa chowerengera cha IRCC tisanalembetse kulikonse.